Zimene Ndinavuula pa Dziwe la Ubatizo

Apongozi anga aakazi anakhala mumpingo zaka zambiri osaphonya Mgonero, kaya kugwe mvula kaya miyendo iwawe. Amene anatsala pang'ono kuwachotsa pa gome la Ambuye sanali Satana ayi. Ndinali ine, mkamwini wawo, mtumiki wa mumpingo momwemo, Baibulo lili m'thumba la jekete, makina a mabatire ali m'manja.

Makinawo ndinawapeza motere. Masiku amenewo ndinkasunga zipangizo m'sitolo ya pa esiteti ya tiyi, kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Kufakitale kunali mzungu wina wokonza makina, wofiira khosi, wosakonda zolankhula. Tchuthi chilichonse ankapita kunyanja yamchere, ndipo ankabwerako ndi zithunzi: iye ali m'madzi ofika m'mawondo, mafunde akumumenya, akuyendetsa ndodo yokhala ndi mbale kunsi kwake. Ankati anthu osambira amataya mphete ndi mawotchi mumchenga, ndipo ndodoyo imazinunkhiza. Ntchito yake itatha, katundu atamuchulukira, anandiitanira kuseri kwa galaja n'kundipatsa ndodo ija. Anandisonyeza poika mabatire, kachitsulo kotembenuza, ndi zomvera zovala m'makutu. Anandichenjeza mobwereza kuti mbale ikhoza kulowa m'madzi, koma kabokosi ka pamwamba kasanyowe.

Ine nyanja yamchere sindinaionepo, mpaka lero. Koma tsiku limenelo, ndodo itakulungidwa m'chiguduli pa kaliyala wa njinga, ndinapalasa ndikuganizira fanizo la munthu uja anapeza chuma chobisika m'munda. Ndinaiwala chinthu chimodzi: munthu wa m'fanizoyo, atachipeza chumacho, anachikwiriranso.

Akazi anga anandipeza ndikumasula chiguduli pakhonde.

"Mwatigulira tsache?"

"Ndi makina, mayi. Amanunkhiza chitsulo pansi pa nthaka."

"Ndiye ndi galu. Amadya chiyani galu wanuyu?"

"Mabatire."

"Ehe. Ndiye wailesi yafa basi."

Sananame. Wailesi inatseka pakamwa sabata yomweyo, ndipo dzina la galu linamatirira.

Ndinayambira pabwalo. Ndinkakwirira msomali apa, supuni apo, n'kumayenda ndikumvetsera. Tsiku loyamba galu analira paliponse pamene ndinaponda. Ndinakumba pafupi ndi khola, pafupi ndi thandala la mbale, pansi pa mpapaya, osapeza kanthu. Bwalo limene akazi anga ankasesa m'mawa uliwonse linasanduka ngati munda wa mbatata mutalowa nkhumba. Dzuwa litapendeka m'pamene iwo analoza mapazi anga. Ndinali nditavala jombo za ku esiteti, zija zokhala ndi chitsulo kuzala.

"Galu wanu amakonda mbuye wake," anatero. "Nanga supuni yanga ili pati?"

Supuniyo ndinaipeza patapita masiku, nditavula jombo.

Nthawi imeneyo munthu sunkangoyenda ndi chinthu cha mawaya ndi zovala m'makutu, makamaka kwathu kuno kumene mapiri a ku Mozambiki timawaona ndi maso, ndipo nkhondo inali mkati tsidya linalo. Madzulo ena a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anatulukira pakhomo, baji ya mtsogoleri wa dziko ili pachifuwa. Ndinatulutsa khadi la chipani asanandifunse.

"Khadi tikudziwa muli nalo, achimwene," anatero. "Koma tamva kuti mukulankhula ndi anthu a kutsidya."

Ndinalumbira kuti ayi. Ndinazula waya wa zomvera kuti kulira kutulukire m'kabokosi, aliyense amve, ndipo ndinayendetsa mbale pamwamba pa khasu. Galu analira. A tcheyamani anagwedeza mutu. Koma pokweza ndodo kuti ndiwasonyeze kunsi kwake, mbale inadutsa pachifuwa pawo, ndipo galu anakuwa mokweza kuposa kale, molunjika pa nkhope ya pabaji.

A tcheyamani anaphimba baji ndi dzanja.

"Akulira chiyani pamenepa?"

Mavesi onse a anthu oimirira pamaso pa mafumu anandithawa. Amene anandipulumutsa anali akazi anga, ali pakhomo la khitchini.

"Si kulira kumeneko, a tcheyamani. Ndi nthungululu. Ngakhale makina a azungu akuwadziwa eni dziko."

A tcheyamani anayang'ana baji yawo, kenaka anamwetulira. Anandiuza ndibwereze, ndipo ndinabwereza mpaka mabatire anayamba kufooka. Pochoka anasiya malamulo: ndodoyo isayandikire kumalire ku Muloza, ndipo chilichonse ndapeza ndizichionetsa poyera. "Boma lino silifuna zobisa," anatero. Lamulo lachiwirili ndinalisunga ndi mtima wonse, chifukwa linagwirizana ndi chimene ndinkafuna kale, chakuti anthu andione.

Nyanja yanga inakhala mchenga wa m'mbali mwa mtsinje wotsika kuphiri, kumunsi kwa mudzi. Loweruka masana ndikaweruka ndinkapita kumeneko, buluku atapindidwa, wopanda nsapato. Ndinaphunzira movutikira. Mchenga wakuda uja umakhala m'mphepete mwa madzi unkachititsa galu kubwebweta ngati woledzera, mpaka ndinadziwa kutembenuza kachitsulo kuti atonthole. Ndinaphunzira kuyenda pang'onopang'ono, mbale ili pafupi ndi mchenga, kupita kumanja, kubwerera kumanzere, osadumpha malo. M'madzi, dzenje ukalikumba ndi manja limadzikwirira lokha usanaone kanthu. Ndinayesa lichero lakale, linanyowa n'kuphwasuka. Pamapeto pake ndinaboola chitini chachikulu ndi msomali kuti mchenga uzitsika, cholemera chizitsala. Ndinazindikiranso kuti zinthu zolemera sizikhala pamene madzi akuthamanga, zimagona kuseri kwa miyala, pamene madzi amapumira.

Zimene ndinkapeza zinali zitsekerero za mabotolo, zitini za nsomba, misomali yopindika, pedulo ya njinga, ndi khasu lotha mpaka kumsuka. Komabe galu akangolira, mtima wanga unkadumpha ngati wa mwana uja wa m'kachisi amene anamva akuitanidwa. Amayi ochapa pamiyala ankandiona ndikugwada m'madzi, nkhope ili yoopa Mulungu, kenaka ndikutukula chitini chadzimbiri.

"Moni abusa a zitini! Lero mwatembenuza zingati?"

Ndinkawayankha kuti wofuna amapeza. Ankaseka mpaka sopo kuwapulumuka.

Pano ndinene za apongozi. Ine kwathu ndi kuseri kwa phiri. Kuno ndinabwera chikamwini, ndipo nyumba yathu inamangidwa kumbuyo kwa nyumba yawo, pakati pali munda wa chinangwa. Mwa mwambo wake, ine ndi iwo sitinkayang'anana kapena kulankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire, ndipo moni ankadutsa m'masamba. Chimene ankafuna kundiuza ankauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo. Choncho ndinkadziwa bwino mawu awo poimba kumbali ya amayi, ndinkadziwa duku lawo loyera la pa Mgonero, ndinkadziwa mapazi awo. Za moyo wawo wakale sindinkadziwa kanthu.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga, ndipo pofika mwezi wa dzuwa loswa mtengo mtsinje unaphwa kuposa zaka zonse. Kumunsi kwa thanthwe lalikulu kuli dziwe limene mpingo wathu umabatiziramo. Kumapeto kwake kunaonekera mchenga umene zaka zina umakhala pansi pa madzi akuya. Poyamba ndinkapalambalala, poganiza kuti ndi malo opatulika. Kenaka nzeru inandibwerera: anthu amalowa m'dziwemo atavala, amamizidwa chagada, amatuluka akunjenjemera. Ndi angati anataya zawo mmenemo? Kodi si ntchito ya mtumiki kuwabwezera?

Ndinangoponda pamchengapo, galu anaimba nyimbo ina, yomveka bwino, yosakayika. Chitini choyamba chinatulutsa mphete. Chachiwiri, ndalama zakale zija zoboola pakati, zitalowetsedwa m'kawaya. Kenaka timabelu tating'ono, kampeni kopanda mpini, loko wotseka wopanda kiyi. Ndipo kuseri kwa mwala wina, m'madzi ofika m'ntchafu, ndinavuula zigwinjiri zamkuwa, zolemera, zogundana pamodzi, zokhala ndi timizere tosema m'mbali.

Ndinagwada pamchenga n'kuyamika.

Wina adzafunsa kuti, iwe amene unkalalikira za zithumwa, sunazindikire bwanji? Ndadzifunsa ndekha. Yankho ndi lakuti madzi anali atadya nsalu, ulusi ndi mizu yonse, n'kusiya chitsulo chokha, ndipo chitsulo chokha chimaoneka chosalakwa. Yankho lina, loona kwambiri, ndi lakuti munthu amene wakhala akuvuula zitini miyezi yonseyo safunsa mafunso akaona mkuwa.

Akazi anga masiku amenewo anali kuchipatala ku boma, kudikirira mng'ono wawo amene anali pafupi kuchira. Akanakhalapo, nkhani ino bwenzi palibe. Ndinali ndekha ndi nzeru zanga. Ndinatenga phulusa ndi mandimu, n'kukhala kuseri kwa khitchini, kupukuta chimodzichimodzi mpaka zigwinjiri zinawala ngati zochokera m'sitolo ya mmwenye.

Lamulungu, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira. Ndinakumbutsa mpingo za mayi uja anataya ndalama yake, nasesa nyumba yonse, ndipo ataipeza anaitana anansi kuti akondwere naye. Ndinati lero ndi tsiku lotero. Ndinati amene anataya kanthu kumtsinje apite pansi pa mtengo wa mango mapemphero akatha. Ndinakhala pansi ndikumva kutentha kokoma m'chifuwa, kumene ndinkayesa Mzimu.

Pansi pa mango ndinayala mkeka n'kundandalika zonse. Anthu anabwera akuseka, amayi ochapa aja ali patsogolo. Kenaka kuseka kunayamba kuzima, kuyambira kwa achikulire. Bambo wina wotsogolera nyimbo anaona loko uja, anatsokomola, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zake sanazimange. Mayi wina anati "Mayo!" chapansipansi, n'kukokera mpango kumaso.

"Musachite manyazi," ndinatero ine, mokweza. "N'zaulere. Aliyense akudziwa chake. Bwerani mutenge pamaso pa onse."

Palibe anasuntha.

Apongozi anabwera pomalizira. Monga mwa mwambo ndinagwetsa maso, choncho ndinaona mapazi okha. Anafika m'mphepete mwa mkeka, moyang'anana ndi zigwinjiri, n'kuima. Zala za kumapazi zinakanirira m'fumbi. Anaima nthawi yaitali. Kenaka mapaziwo anatembenuka, ndipo sanatsate njira. Analowa m'munda wa chinangwa wa eni ake, kulunjika kunyumba.

Mkulu wa mpingo, bambo wokalamba wa mawu ofatsa, anandigwira pachigongono n'kunditengera kuseri kwa tchalitchi.

"Achimwene, zimenezi mwakumba kuti?"

"Padziwe, bambo. Kumunsi kwa thanthwe."

Anatseka maso. "Kwanu kuseri kwa phiri, munthu akatembenuka mtima, za mizimu mumazitani?"

"Timawotcha pabwalo, anthu akuimba."

"Kuno sitiwotcha. Makolo athu ankati moto umaitana oonerera. Kuno munthu amapita m'bandakucha wa tsiku la ubatizo, ndi mboni imodzi, n'kuponya zake m'dziwe. Akamizidwa masana, amamizidwa pamwamba pa zimene anataya. Ndipo sizitchulidwanso. Mulungu anaponya zolakwa zawo m'madzi akuya, inu mwapita ndi chitini kukavuula." Anasuzumira kumtengo wa mango. "Ndipo mwapukuta."

"Ndi mandimu," ndinatero. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena zimenezo.

Akulu anasonkhanitsa zinthuzo mwakachetechete n'kuzibwezera m'dziwe, eni ake osatchulidwa. Zinatsala zigwinjiri zokha, chifukwa apongozi anatumiza mawu akuti wina asazikhudze. "Mukaziponya zidzabweranso," anatero. Zinakhala m'chitini changa choboola, pa denga la khitchini.

Akazi anga atabwerako anamva nkhaniyo asanafike pakhomo. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Anakhala pakhonde n'kundifotokozera. Amayi awo ali mtsikana ankadwala mutu waukulu, matenda a mizimu amene kuno amati nantongwe. Ankagwa, ankalankhula mawu osakhala awo, ndipo mankhwala ake anali ng'oma. Ankavinidwa atavala zigwinjiri zimenezo, zimene agogo a akazi anga anawoloka nazo pochokera ku Mozambiki. Akazi anga ankakumbukira kulira kwa zigwinjirizo ali aang'ono. Tsiku la ubatizo wawo apongozi anaziponya m'dziwe, ndipo kuyambira pamenepo mutu sunawawenso.

"Tsopano akuti madzi azilavula," anatero akazi anga. "Akuti ngati madzi akana zigwinjiri, ndiye kuti anakananso mwini wake. Akuti zaka zonsezi akhala akudya Mgonero ngati wakuba."

"Koma si madzi! Ndine!"

"Kawauzeni nokha, poti pakamwa muli napo pa Lamulungu."

Apongozi anagona m'nyumba, mutu atamanga ndi nsalu. Lamulungu lotsatira malo awo anali opanda munthu, ndipo nyimbo za kumbali ya amayi zinamveka ngati nyumba yochotsedwa mzati. Abusa, amene ankatiyendera pa njinga kamodzikamodzi, anali kubwera kumapeto kwa mwezi kudzachita Mgonero. M'mawa wina akazi anga anabwera kuchokera kutsidya kwa chinangwa atanyamula duku loyera lija, lopindidwa bwino.

"Akuti ndizivala ine. Iwo alibe nalonso ntchito."

Ndinachita chimene ndinkachidziwa. Ndinatumiza mavesi. M'mawa vesi, madzulo vesi, akazi anga akuwoloka chinangwa ngati mtumiki wa positi. Yankho linabwera limodzi: "Uwauze amuna ako kuti mavesiwo ndinawamva iwo asanamere mano." Akulu anapita kukapemphera nawo, apongozi anawalandira mwaulemu, mutu osamasula. Ine ndinasala kudya. Ndinapempha Ambuye kuti ngati pali chilango chigwere ine, osati mayi amene sanalakwe kanthu. Ndinatenga nkhwangwa kuti ndiphwanye galu, koma akazi anga anandigwira mkono.

"Mukamuphwanya, adzati mizimu yatha naye ntchito. Dikirani. Lero afunsa funso."

"Funso lanji?"

"Akuti mtsinje wonsewu, chinawauza n'chiyani amuna ako kuti akumbe pamwala umenewo? Ndati galu. Akuti nanga galuyo anauzidwa ndi yani?"

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene chinkawadya. Kwa iwo ndinali wotumidwa. Mizimu inali itapeza mkamwini wopusa n'kumukwera ngati bulu.

"Ndiye akufuna amuone galuyo ndi maso awo," anatero akazi anga. "Mawa m'mawa, kudziwe. Mubwere ndi zigwinjiri."

Tinapita dzuwa litangotuluka, amayi ochapa asanafike. Apongozi anayenda patsogolo ndi ndodo yawo, akazi anga pakati, ine kumbuyo kwenikweni. Anakhala pamwala atandifulatira. Ine ndinaima ndikuyang'ana phiri. Tonse tinali pafupi moti tinkamvana kupuma, koma mawu ankayenera kudutsa mwa akazi anga.

"Uwauze amuna ako akwirire zinthuzo mumchenga."

"Akuti mukwirire."

Ndinakwirira.

"Uwauze akwirirenso zinyalala zawo zija amatola. Patali pang'ono."

Ndinakwirira chitini cha nsomba, ndi msomali, ndi pedulo ya njinga. Waya wa zomvera unali waufupi, ndipo sikukanatheka kuti ine ndiime phewa ndi phewa ndi apongozi. Choncho akazi anga anagwira ndodo, n'kuwaveka amayi awo zomvera pamwamba pa nsalu ya kumutu. Ine ndinkalangiza nkhope ili kuphiri.

"Tsitsani mbale, mayi. Pang'onopang'ono. Musakweze kumapeto."

"Ndasesa bwalo lanu zaka zonsezi, musandiphunzitse."

Anayenda awiriwo pamchenga, mwana patsogolo, mayi akutsatira pa waya ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinamva kaphokoso kakang'ono kotuluka m'zomvera. Apongozi anadzidzimuka.

"Ichi n'chiyani?"

"Zigwinjiri, amayi."

Anapuma mozama. Anayendanso. Kaphokoso kenanso.

"Nanga ichi?"

"Chitini cha nsomba."

"Bwerera pa zija." Anabwerera. "Bwerera pa chitini." Anabwerera. Anachita zimenezi mpaka mchenga unadzaza ndi mapazi awo.

"Kulira kwake n'kumodzimodzi," anatero apongozi, pang'onopang'ono.

Ine, wokonda choonadi, ndinatsegula pakamwa. "Kunena zoona, mkuwa umalira mosalala pang'ono kuposa..."

"Inu, yang'anani phiri," anatero akazi anga.

Ndinayang'ana phiri.

"Ndiye galu ameneyu sasiyanitsa za mizimu ndi chitini cha nsomba?"

"Sasiyanitsa, amayi. Analirapo jombo za mbuye wake tsiku lonse."

Kenaka apongozi anati, "Umuyendetse pa ine."

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti makina a mabatire sayeza mtima wa munthu, kuti woyeza mitima ndi Mmodzi yekha, ndipo ulaliki wonse unali utafika kale pammero. Koma ndinaumeza. Ndikhulupirira kuti m'moyo wanga wonse wa utumiki, ulaliki umene unathandiza kwambiri ndi umene ndinameza tsiku limenelo.

Akazi anga anayendetsa mbale pamikono ya amayi awo, pamene zigwinjiri zinkakhala kale. Zii. Pamutu, pamene pankawawa. Zii. Pachifuwa galu analira, ndipo apongozi anati "Yesu!" koma inali pini yogwira bulawuzi. Anaichotsa. Zii.

"Uwafunse amuna ako. Palibe amene anawatuma? Sanalote? Sanamve mawu?"

Apa ndinalephera kudikira kuti funso lidutse mwa mwini wake. Ndinayankha ndikuyang'ana phiri. "Palibe, amayi. Ndinadzituma ndekha. Ndinkafuna anthu asiye kunditcha abusa a zitini."

"Uwafunse. Ndiye ndi uchitsiru wawo basi?"

"Uchitsiru wanga basi, amayi."

"Ambuye alemekezeke," anatero apongozi.

Ndamva anthu akuyamika Mulungu chifukwa cha mvula, ana ndi machiritso. Aka kanali koyamba kumva munthu akuyamika Mulungu ndi mtima wonse chifukwa chakuti mkamwini wake ndi chitsiru.

Koma sanathere pomwepo. Anati zigwinjiri zibwerere m'madzi, koma pamalo pamene galu sangafike ngakhale dzuwa litawala zaka. Ndipo woyeza malowo akhale mwini galu.

"Uwauze alowe. Apite mpaka pamene mapazi awo athera."

Ndinalowa, ndodo ili m'manja, kulunjika kunsi kwa thanthwe kumene madzi ndi obiriwira. Madzi a m'phiri amazizira ngakhale mwezi wotentha. Anafika m'mawondo, m'chiuno, m'nthiti. Ndinakweza kabokosi pamwamba pa mutu, ndikukumbukira chenjezo la mzungu.

"Afika?"

"Akuti mwafika?"

"Ndikadapondabe!"

"Uwauze apitirire."

Ndinapondanso kamodzi, pamwala wa ndere. Chimene ndikukumbukira ndi thambo likutembenuka, kenaka madzi m'mphuno. Ndinamira yense, chagada, monga mwa dongosolo la mpingo wathu, pamodzi ndi galu ndi kabokosi kake. Nditavuuka ndikutsokomola, akazi anga anali atagwira m'mimba.

"Abusa sanafike, inu mwadzibatiza nokha! Ndi galu yemwe!"

Ndipo ndinamva kuseka kwina kumene ndinali ndisanakumvepo, kwa munthu wachikulire, kosasa, kotuluka movutikira ngati chitseko chimene chakhala chotseka. Ndinapukuta m'maso n'kupeza apongozi akundiyang'ana, maso ndi maso, mwambo ataiwala. Ndinaona nkhope yawo bwinobwino koyamba. Anali ndi mpata pamano ngati wa mwana wawo.

Anaimirira, anafukula zigwinjiri mumchenga ndi manja awo, n'kuzitsuka m'mphepete. Sanaponye msanga. Anazigwira pachifuwa, akusisita timizere tija ndi chala, n'kulankhula motsitsa m'Chilomwe. Ngati ankalankhula ndi Ambuye kapena ankatsanzikana ndi amayi awo amene anawoloka nazo, sindikudziwa. M'makutu mwanga munali madzi, ndipo ndimayamika kuti munali madzi. Kenaka anaponya ndi mphamvu imene sindinkayembekeza, kupitirira pamene ine ndinamirira. Madzi anatseka. Anaima akuyang'ana mpaka mabwalo a pamadzi anafika kumchenga n'kutha. Pobwerera anamasula nsalu ya kumutu n'kuimanga m'chiuno.

Madzulo ake duku loyera linawolokanso chinangwa, kubwerera kwa mwini wake.

Galu ndinamuyanika padenga pamodzi ndi makaka. Patapita masiku anatsitsimuka, koma mawu ake anasasa, ndipo anakhala wotero mpaka anafa ndi ukalamba. Ndinapitiriza kuyenda naye kumtunda kwa mtsinje, kutali ndi thanthwe. Mphete ya golide sindinaipezepo. Makiyi a njinga ndi mipeni ya anthu ndinapezako, ndipo ndinaphunzira kufunsa kaye, pambali, ngati mwini wake akuchifunadi chimene anataya.

Tsiku la Mgonero abusa anafika fumbi lili m'miyendo. Ntchito yoyendetsa chikho kumbali ya amayi inagwera ine. Ndinayenda mzere ndi mzere, maso ali pansi, mpaka ndinafika pa mapazi amene ndinkawadziwa. Ndinatambasula manja nditapotolera nkhope kumbali. Manja awiri okalamba, opanda kanthu pamikono, analandira chikho. Anamwa. Pobweza, sanachisiye msanga, ndipo ndinamva akunong'oneza mayi wokhala pambali pawo:

"Uwauze agwire bwino. Amaterereka."